Timasule Stabilizer Kapena Ayi?

Otsutsanawa ndi malume ndi mphwawo. Malume ndi makaniko. Mphwawoyo amayendetsa Land Cruiser ya pikiapu yonyamula matola pakati pa Chitimba ndi Livingstonia, ndipo masiku ena amafika ku Mzuzu. Mkangano wagona pa tizitsulo tiwiri, ma link, tomwe timagwira nsonga za stabilizer yakutsogolo.

Mphwawo: Malume, ndimasulireni ma link awa. Msewu wa Golodi mukuudziwa: makona 20, miyala, ndi ngalande zomwe mvula imakumba chopingasa. Tayala limodzi likakwera mwala, stabilizer imakaniza ekiselo kupendekeka, ndiye tayala lina limatsala lili lende m'malere. Difu nayo imathamangitsira mphamvu ku tayala lopanda pogwiralo. Limangozungulira, galimoto osasuntha.

Malume: Sunaname, mphwanga. Koma wanena theka. Chitsulo chimenechi n'chopindidwa ngati chilembo cha U, ndipo matayala onse awiri akakwera pamodzi sichichita kanthu. Chimapotoka pokhapokha mbali imodzi yakwera, ina yatsika. Pamiyala chimakuvutitsa. Pakona ya phula, thupi la galimoto likafuna kugonera kunja, ndi chomwechi chimene chimalikaniza. Ukatsika Golodi umalowa M1, kenako ukwera Chiweta. Kumeneko udzachifuna.

Mphwawo: Ndimayendetsa mosamala.

Malume: Mbuzi yodumphira mumsewu siidziwa kuti umayendetsa mosamala. Ukakhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi, thupi limapendekera mbali imodzi, ukabweza limagwera mbali inayo ndi mphamvu yoposa poyamba. Onjezerapo anthu okhala pamwamba pa matumba a feteleza, kulemera konse kuli m'mwamba. Ndipo ukachotsa yakutsogolo, kumbuyo ndiko kumayamba kuterereka, komwe n'kovuta kukubweza.

Mphwawo: Nanga opanga magalimoto ndi opusa? Jeep Wrangler Rubicon, kuyambira mu 2007, ili ndi batani lomasulira stabilizer dalaivala ali pampando. Toyota yomweyi inaika KDSS mu Land Cruiser 200, makina a mafuta omwe amaifewetsa pamsewu woipa. Iwo avomereza kuti chitsulochi chimasokoneza.

Malume: Wandibweretsera mboni zanga. Jeep imeneyo liwiro likangopitirira makilomita pafupifupi 29 pa ola, imadzilumikizanso yokha, dalaivala afune asafune. Ya Toyotayo pakona imauma yokha. Mainjiniyawo sanakhulupirire kuti munthu adzakumbukira. Iwe ukufuna ndimasule ndi sipanala, uponye m'bokosi, basi mpaka chaka chamawa.

Apa mphwawoyo anasiya za zitsulo n'kulowa kumene mlandu wake uli ndi mphamvu, ndipo ine ndikuona kuti malume anachedwa kumumvetsa.

Mphwawo: Inu mukuwerenga ngozi yomwe mwina sidzachitika. Ine ndikuwerenga zomwe zimachitika dzinja lililonse. Galimoto ikakanirira pakona yotsetsereka, ndimatsitsa anthu kuti akankhe, phompho lili pambali pawo. Mwa anthuwo mumakhala odwala opita kuchipatala cha David Gordon, ena amayi oyembekezera. Kubwerera chambuyo pamatope pamalo otero si ngozi kodi? Bwanji moyo wa pa phula mukuuwerengera, wa paphiri ayi?

Malume: Ndiwerengera wonse. Koma vuto lakolo lili ndi mankhwala ena. Phwetsako pang'ono matayala kuti agwire bwino, lowetsa giya yaing'ono usanafike poipa, ndipo ukapeza ndalama tiike difu loko, kuti tayala lomwe lili pansi lizikoka ngakhale linzake lili m'mwamba. Zonsezi sizikulanda kanthu ukafika pa phula.

Mphwawo: Difu loko ndi ndalama za miyezi ingati? Kumasula ma link n'kwaulere.

Malume: N'kwaulere kwa iwe. Amene amapita kukasewera pamiyala ku America amaika pachiswe khosi lawo, atamanga lamba, mwa kufuna kwawo. Mayi wokwera pa Chitimba walipira ulendo, akukhulupirira kuti galimoto ili monga anaipangira. Kodi udzaima pasiteji n'kulengeza kuti pansi pano ndachotsapo chitsulo, amene akufuna akwere?

Mphwawo: Palibe angamve zomwe ndikunena.

Malume: N'chifukwa chake udindowo uli pa iwe ndi ine. Chomwe ndingachite ndi ichi: alipo ma link a mapini, omasula ndi manja. Uzimasula poyamba chitunda, n'kumangirira stabilizer m'mwamba kuti isakhule tayala kapena paipi ya mabuleki, ndipo uzibwezeretsa usanaponde phula.

Mphwawo: Mapiniwo salowa galimoto ikaima popendekeka. Mukufuna ndizigona m'matope kawiri pa ulendo, mvula ili pamsana, anthu akundikuwiza kuti tachedwa?

Malume: Eya. Ndipo tsiku lomwe ndidzakuone pa M1 mapini ali m'thumba, ndidzaikamo mabauti n'kuwotcherera.

Mphwawo: Ndiye ndikamasulitsa kwina. Amakaniko si inu nokha.

Malume: Pita. Koma amayi ako ndiwauza ndekha madzulo ano.