Munthu Akamalirira Pepala Madzi Atapita

Kuwerenga: Yobu 2:11-13, Luka 15:8-10, Mateyu 6:19-21

Musanapitirire, tsegulani Mabaibulo anu muwerenge malo atatu ali pamwambawa, pakuti sindiwalembanso muno.

Lero ndikutengerani kutali, ku dziko la America, kwa anthu amene ambiri a ife titawaona koyamba tikhoza kuwaseka. Kumeneko kuli abambo ndi amayi akuluakulu, ena a imvi kumutu, amene amasonkhanitsa makhadi a anthu amasewera. Khadilo ndi kakatoni kokwana m'chikhatho. Kumaso kwake kuli chithunzi cha katswiri wa mpira wa baseball, basketball kapena masewera ena, kumbuyo kuli mbiri ya kasewero kake. Mwambowu ndi wakale. Makhadi ena akale ankaikidwa m'mapaketi a ndudu, ndipo lotchuka kwambiri ndi la Honus Wagner, limene kampani ya American Tobacco Company inatulutsa pakati pa 1909 ndi 1911. Pambuyo pake kampani ya Topps inayamba kugulitsa makhadi pamodzi ndi chingamu, ndipo anakhala chuma cha ana. Ankasinthanitsana kusukulu, ena n'kumawamangirira pafupi ndi masipoko a njinga kuti izilira ngati yamoto. Mpaka lero amuna ambiri achikulire kumeneko amadandaula kuti mayi awo anataya makhadi awo posesa m'nyumba. Amayi anzathuwo ine sindiwadzudzula. Ndani akanadziwa?

Ndikuti ndani akanadziwa chifukwa mu Ogasiti 2022 khadi limodzi la Mickey Mantle, losindikizidwa ndi Topps mu 1952, linagulidwa pa okushoni ndi madola 12.6 miliyoni. Mwezi womwewo khadi la Wagner linapita pa madola 7.25 miliyoni. Kuli makampani amene ntchito yawo ndi kuyesa makhadi, monga PSA imene inayamba mu 1991. Amaliyang'ana khadi ndi kulipatsa giredi kuchokera pa 1 mpaka 10, kenaka n'kulitsekera m'kapulasitiki kolimba. Amene munasankhapo fodya mukudziwa mmene banga limodzi limagwetsera tsamba. Chimodzimodzi kumeneko: kona ikangopindika pang'ono, mtengo wagwa. Koma musanyengeke ndi mamiliyoniwa. Makhadi ochuluka ali m'makatoni a nsapato m'nyumba za anthu wamba sangagule ngakhale lofu ya buledi.

Tsono anthu amenewa, ambiri a iwo amakhala m'madera amene namondwe amafika pafupipafupi. Kumeneko amamutcha hurricane, kuno timamva dzina lakuti cyclone, koma ndi chinthu chimodzi chomwecho chimene chinatisiya manja ali m'khosi mu Malichi 2023. Pa 29 Ogasiti 2005 namondwe Katrina anafika kumtunda, makoma otchinga madzi mu mzinda wa New Orleans anagumuka, ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a mzindawo anamira. Anthu oposa 1,300 anamwalira. Mu Ogasiti 2017 Harvey anakhazikika pamwamba pa dera la Houston, ndipo malo ena ku Texas analandira mvula yoposa mamilimita 1,500 m'masiku ochepa. Mu Seputembala 2024 Helene anasefukiritsa mitsinje ku Asheville, kumapiri a North Carolina, kutali ndi nyanja, kumene anthu ambiri ankadziona otetezeka.

Madzi akaphwa, mwini makhadi amabwerera kunyumba. Zimene amapeza nzomvetsa chisoni. Makhadi amakono ali ndi khungu lonyezimira, ndipo akanyowa n'kuyamba kuuma ali pamodzi amamatirirana mpaka kukhala ngati njerwa; ukati uwalekanitse, nkhope ya wosewera imatsalira pamsana pa khadi linzake. Akale aja amafufuma ndi kupindika. Kapulasitiki kolimba kaja kanapangidwira kuteteza ku manja ndi fumbi, madzi amatha kulowa, ndipo akalowa satuluka msanga. Pakangotha tsiku limodzi kapena awiri chuku chayamba kumera. Akapita kwa a inshuwalansi amamva zina zowawa: inshuwalansi wamba ya nyumba ku America silipira zoonongeka ndi madzi osefukira, ndipo ndondomeko ya boma ya inshuwalansi ya madzi osefukira, imene inakhazikitsidwa mu 1968, inaika malire a madola 2,500 pa zinthu zosonkhanitsa ngati zimenezi. Zaka makumi anayi za kusonkhanitsa zimathera pamulu wa zinyalala m'mbali mwa msewu, pamodzi ndi matilesi ndi mipando yowola.

Pali kankhani kena kamene sindingakasiye. Sy Berger, mkulu wa ku Topps amene anathandiza kukonza makhadi a 1952 aja, ankafotokoza yekha kuti makhadi amene sanagulidwe anadzaza nyumba yosungiramo katundu, ndipo patapita zaka anawakweza pa chombo n'kukawataya m'nyanja ya Atlantic. Khadi la Mantle linali m'gulu lomwelo. Madzi amene anameza ambiri ndiwo anakweza mtengo wa ochepa otsala. Msika ndi wotero: tsoka la uyu ndi phindu la uyo.

Funso langa kwa inu, amayi, ndi ili. Mwafika pakhomo la bambo wa zaka 60. Mkazi wake ali moyo, ana ali moyo, koma iye wakhala pakhonde atagwira katoni yonyowa, misozi ili chuchuchu. Mumuuza chiyani?

Ndikudziwa mawu amene amathamangira pakamwa pathu ife anthu a mapemphero. Timati, thokozani Mulungu kuti muli moyo, zimenezi ndi zinthu chabe. Ena amatsegula pomwepo Mateyu 6, pamene Ambuye akutichenjeza za chuma cha pansi pano chimene njenjete, dzimbiri ndi mbala zimachitha. Mawuwo ndi oona, ndipo ndibwereranso kwa iwo. Koma mankhwala abwino operekedwa pa nthawi yolakwika amavulaza. Ambuye analankhula mawu aja paphiri pophunzitsa ophunzira za kumene mtima uyenera kukhala. Sanawalankhule pakhomo la munthu amene nyumba yake yangogwa kumene. Ndi mawu otikonzekeretsa mvula isanagwe. Sanatipatse kuti akhale ndodo yokwapulira amene wanyowa kale.

Zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino zinandionetsa chinthu chimodzi kawirikawiri. Munthu amene wakumana ndi tsoka lalikulu nthawi zambiri salirira chachikulucho poyamba. Amauma maso pomva nkhani yoopsa, koma mawa lake mumupeza akusisima chifukwa mphete yasowa, kapena chitenje chimene anamusiyira mayi ake chang'ambika. Chisoni chachikulu sichikwana pakhomo, ndiye chimalowera pa kazenera. Bambo uja pakhonde sakulirira katoni ayi. Khadi lina analigula ndi bambo ake tsiku limene anapita naye koyamba ku bwalo la masewera, ndipo bambowo anagona kale. Lina anasinthana ndi mnzake wa kusukulu. Ena anali kusungira mdzukulu. Pansi pa zonsezo pali mantha a usiku umene madzi ankakwera masitepe, ndi nyumba imene sidzanunkhiranso monga kale. Mukamuuza kuti ndi mapepala chabe, mwatseka kazenera kokhako kamene chisoni chake chinali kutulukira.

Taonani abwenzi a Yobu. Elifazi, Bilidadi ndi Zofari timawadziwa ngati otonthoza oipa, koma tisaiwale kuti anayamba bwino. Anachoka kwawo, anayenda ulendo, anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri usana ndi usiku osatsegula pakamwa. Anthu akwathu amaudziwa ulemu umenewu; pa siwa sitipita kukaphunzitsa, timapita kukakhala. Analakwa atayamba kulongosola chifukwa chake Yobu akuvutika, ndipo pa mutu 42 Mulungu akuwadzudzula. Zambiri zimene ananena zimamveka ngati ulaliki wabwino. Koma Yobu sanasowe ulaliki.

Ndipo taonani mayi wa pa Luka 15. Ali ndi ndalama khumi, yatayika imodzi. Ndalama imeneyo inali ngati malipiro a ganyu wa tsiku limodzi. Akuyatsa nyale, akusesa nyumba yonse, ndipo ataipeza akuitana anzake ndi anansi. Wina akanati, mayi iwe, zisanu ndi zinayi zilipo, ukuvutikiranji? Ambuye Yesu sanamuseke. Anamutenga mayi wogwada pansi ndi tsache m'manja, namuika kukhala chithunzi cha Mulungu mwini wofunafuna wotayika. Mulungu amene tikumutumikira sachita manyazi ndi kufunafuna kanthu kakang'ono m'fumbi. Pa msika wa makhadi, khadi lonyowa latha ntchito, giredi yake yagwa ndipo silidzakweranso. Kukanakhala kuti Atate amatiyesa ndi muyeso wa 1 mpaka 10, ndani wa ife akanapyola pa 2? Tonse tili ndi makona opindika ndi mabanga a madzi, komabe anatigula ndi mtengo umene okushoni iliyonse siingaufike.

Izi sizikutanthauza kuti khadi ndi moyo nzofanana. Kuchipatala timayamba ndi amene sakupuma, wa chilonda chaching'ono amadikira. Palibe katoni yoyenera kuti munthu abwererenso m'madzi othamanga. Ndipo ngozi sizitha madzi akaphwa. Madzi osefukira amasakanikirana ndi zonyansa za m'zimbudzi, mafuta ndi mankhwala. Pambuyo pa Katrina anthu ena anamwalira ndi tizilombo totchedwa Vibrio timene tinalowera pa zilonda. Pambuyo pa anamondwe ambiri kumeneko, anthu amafa ndi utsi wa jenereta yoyatsidwa m'nyumba kapena pafupi ndi zenera, utsi wosaoneka ndi wosanunkha. Chuku chimadzutsa mphumu. Msomali wobisika m'matope umabweretsa kafumbata. Wofuna kupulumutsa makhadi ake avale magolovesi, nsapato zolimba ndi chotseka pamphuno, ndipo wa mphumu asalowe konse. Mateyu 6 naye ali ndi malo ake. M'zaka za mliri wa Covid-19, mu 2020 ndi 2021, mitengo ya makhadi inakwera kwambiri, ndipo ambiri analowa malondawa ndi mtima wolemera msanga. Kwa wotere, ndi kwa ife tonse amene nyumba zathu zidakali zouma, chenjezo la Ambuye ndi la lero. Kwa amene wataya kale, lidzafika pa nthawi yake, ndipo nthawi zambiri amalitchula yekha popanda womukumbutsa.

Chimene chimandilimbikitsa ndi mmene anthu ena kumeneko anachitira. J.J. Watt, pa nthawiyo wosewera wa timu ya Houston Texans, amene nkhope yake ili pa makhadi ambiri, anapempha anthu kuti asonkhe madola 200,000 othandizira ovutika ndi Harvey, ndipo anasonkha oposa 37 miliyoni. Imeneyo ndi ntchito ya chakudya, nyumba ndi mankhwala. Koma kunabukanso ntchito ina yachete. Mu 2006 atolankhani ojambula zithunzi anayambitsa gulu lotchedwa Operation Photo Rescue, lokonza mwaulere zithunzi za mabanja zimene zinaonongeka ndi madzi a Katrina. Chithunzi cha ukwati sichidyedwa ndipo sichifundidwa. Komabe anthu amenewa anazindikira kuti munthu atadya n'kufunda, amafunanso kuona nkhope ya mayi ake. Amenewo ndiwo atenga tsache la mayi wa pa Luka 15.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife sitisunga makhadi a baseball, koma Freddy atadutsa ku Chilobwe, ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Nsanje, anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa, opulumuka ambiri anatsala opanda chithunzi ngakhale chimodzi cha omwe anapita. Anataya khadi la ubatizo, setifiketi ya sukulu, buku la kuchipatala, khadi la mwana la kusikelo, Baibulo lokhala ndi mayina a ana pa tsamba loyamba. Tinanyamula ufa, zofunda ndi ndowa, ndipo tinachita bwino. Ndi angati a ife amene tinakhala pansi n'kufunsa kuti, mayi, pa zonse zimene zapita, chikukuwawani kwambiri n'chiti?

Choncho ndikupempha magulu athu m'maparishi onse kuti pa msonkhano wanu wotsatira mukambirane zinthu ziwiri. Choyamba, dzinja lisanafike, mayi aliyense aike mapepala ofunika ndi zithunzi m'jumbo yomanga bwino, aiike m'chigubu chotseka, pamalo okwera posavuta kufikira usiku. Amene ali ndi foni yojambula ajambule mapepalawo, athandizenso agogo oyandikana nawo. Chachiwiri, phunzitsanani kupulumutsa pepala lonyowa, monga amalangizira akatswiri osamalira mabuku akale. Zithunzi zamatope muzitsukuluze mofatsa m'madzi oyera zisanaume, osakhudza kumaso kwake, ndipo muziyanike chimodzichimodzi chagada, pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa. Zimene zamatirirana musazikakamize. Buku muliimike chilili masamba atatambasuka, muike mapepala oyera ouma pakatipakati ndi kumawasintha akanyowa. Ngati ndi zambiri moti simungaziumitse m'masiku awiri, ndipo pali wa firiji pafupi magetsi alipo, zikulungeni m'pulasitiki muziike mbali ya ayisi. Kuzizira kumaimitsa chuku mpaka mutapeza nthawi. Ntchito imeneyi imatenga maola, ndipo mwini wake amayamba kufotokoza za chithunzi chilichonse pamene mukuyanika. Musamudule mawu.