Mapanga awiri a tulo

Akuti mapanga awiri avumbwitsa. Mwambiwu ndaumva makolo akuwaponyera ana a Fomu 4 kuno ku Mtengowanthenga, amene mayeso a MANEB akayandikira amadula tulo pawiri: kugona ikangokwana 8 koloko, kudzuka cha m'ma 1 n'kuwerenga pa nyali ya sola, kenaka kubwerera pamphasa tambala woyamba atalira. Ine ndikuti apa mwambi auponya polakwika.

Nanga ifeyo tinkagona bwanji? Mwezi wa Okutobala mlimi wa ku Dowa kapena ku Ntchisi amalawira nthanda ikadali m'mwamba, kukagalauza kunja kukuzizira. Dzuwa likafika paliwombo wabwerako, wadya nsima, wadziponya pansi pa mtengo wa mango, chipewa kumaso, mkonono pepepe mpaka mthunzi utamuthawa. Palibe anamutchapo mlesi.

Ngakhale kwa azungu zinali choncho magetsi asanabwere. Katswiri wa mbiri yakale Roger Ekirch, m'buku lake la mu 2005, anasonyeza kuti anthu a ku Ulaya ankagona tulo toyamba, n'kudzuka pakati pa usiku kupemphera kapena kucheza, n'kugonanso tulo tachiwiri. Dokotala wina wa ku America, Thomas Wehr, anaika anthu mumdima maola 14 tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu, ndipo tulo tawo tinagawika tokha pawiri, chigawo chilichonse maola pafupifupi 4.

Tsono adzukulu anga, pamene ndikukanganirana nanu ndi apa. Madokotala amati wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10 a tulo pa tsiku. Mukagona 5 usiku, 3 m'bandakucha, mwagawa. Koma mukagona 3 uku, 1 uko, kumeneko si kugawa ayi, ndi kuba. Ndawaonapo anyamata ataviika mapazi m'beseni la madzi, m'chisanu cha Juni chomwechi, mano ali gwegwegwe, maso pa notsi za Biology. Mawa lake m'kalasi mutu uli gwa pa desiki, bolopeni pansi. Chimene sadziwa n'chakuti ubongo umalongedza zimene wawerenga pamene mwini wake ali mtulo. Wokana kugona akutunga madzi ndi dengu. Kuthamanga si kufika.

Paja kugona pakati n'kuyambirira. Amene anayamba kuwerenga ali Fomu 3 alibe nalo ntchito beseni.

Koma mawu anga otsala ndi a inu anzanga makolo. Mnyamata wa ku Robert Blake ku Kongwe amagona ndi belu, kudzuka ndi belu, nsima kuipeza yophikaphika. Mtsikana wa sekondale yoyendera amafika pakhomo cha m'ma 3, fumbi lili mbuu m'miyendo, ndowa ikumudikira pakhonde. Achoke ku mjigo apite ku chigayo, abwere asonkhe moto, aphike, atsuke mbale. Usiku wadzuka kuwerenga, ndiye chigawo chachiwiri cha tulo achitenga kuti? Akangoti atsamire khoma masana, mwayamba kale: "Iwe, mwana wamkazi amagona dzuwa likuswa mtengo?" Musiyeni ola limodzi lokha miyezi ya mayesoyi. Ndowayo mlongo wake ali ndi manja, akatunge.