Kodi Mmishonale Amataya Makolo Ake?

Pa maliro a kumudzi anthu amawerenga ana a malemu, ndipo akasowa mmodzi amafunsa kumene ali. Akamva kuti ndi wansembe, ali kutsidya kwa nyanja kumene akulalika Mthenga Wabwino, ena amadandaula chamumtima kuti mwana wotere wataya makolo. Mlandu umenewu si wopepuka ayi, pakuti lamulo lachinayi la Mulungu limamanga wansembe monga limangira mwana wina aliyense.

Moyo wa Bambo Damien De Veuster uthandiza kuweruza mlanduwu. Iye anabadwira ku Tremelo, m'dziko la Belgium, mu 1840. Amene anasankhidwa kupita ku zilumba za Hawaii anali mkulu wake Pamphile. Koma mkuluyo atadwala, Damien anapempha kupita m'malo mwake. Ananyamuka mu 1863, nayenda panyanja pafupifupi miyezi isanu. Mu 1873 anadzipereka kukakhala pakati pa akhate pa chilumba cha Molokai. Kwao sanabwerereko ali moyo. Atate ndi amayi ake anamwalira iye ali kutali, osaponya nawo dothi m'manda mwao. Potsiriza iye mwini anagwidwa khate, namwalira mu 1889.

Kodi analakwa? Eklezia salola kuti mwana athawe udindo wake pobisala mu mkanjo. Thomas Aquinas woyera anaphunzitsa kuti makolo akakhala pa usiwa woti sangathe kukhala popanda mwana wao, mwanayo asawasiye kukalowa m'chipani cha Eklezia. Damien sanasiye makolo ake pa njala: anali alimi odzidalira, ndipo abale ake anatsala pakhomo.

Komabe nkhalamba sizifuna nsima yokha. Zimafunanso nkhope ya mwana, ndipo kalata, ngakhale Damien ankalemba, siilowa m'malo mwa nkhope. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndicho chifukwa chake kulekana kumapweteka mbali zonse ziwiri. Nsembe ya mmishonale si ya iye yekha: makolo nawonso amaipereka, ndi misozi.

Koma kulemekeza makolo sikuthera pa kukhala pambali pao. Mwana amawalemekezanso pochita zimene anamphunzitsa. Damien, amene sanaike makolo ake, ankakhoma mabokosi ndi kukumba manda a akhate amene abale ao sankatha kuwafikira. Chifundo chimenechi anayamba kuchiphunzira pakhomo pa amayi ake. Pamene Papa Benedict XVI anamtchula woyera mu 2009, ulemuwo unafikanso kwa amene anamlera.

Tsono Akhristu ali ndi ntchito ziwiri. Wansembe wochokera kutali amlandire ngati mwana wa pamudzi, makamaka tsiku limene walandira uthenga wa maliro a kwao. Ndipo pamene mwana wa m'parishi watumidwa ku dziko lina, aphunzitsi ndi akulu a mpingo asaiwale khomo la makolo ake: awachezere, awalimire, awatengere nkhuni. Pakutero mpingo ubweza pang'ono ngongole imene mmishonale sangathe kubweza yekha.