M'mera mpoyamba, ngakhale m'kamwa

Akuluakulu akati "m'mera mpoyamba" amanena za kumunda: chimanga chikafooka chili chanthete, ngakhale uthire feteleza wochuluka bwanji pambuyo pake, nkhokwe siidzadza. Mwambiwu ndimaukumbukira ndikaona mwana wa mano otundumukira kunja akuseka ataphimba pakamwa ndi dzanja.

Mano otere amawongoleka. Dokotala amamata tizitsulo pa dzino lililonse n'kupisamo waya wokoka pang'onopang'ono. Fupa la nsagwada limadyeka kumene dzino likulowera, n'kumeranso kumene lachoka. Ntchitoyi imatenga pafupifupi zaka ziwiri, ndipo imaphweka mwana akamakulabe. Chopinga ndi mtengo wake, umene mayi wochapira anthu zovala ku Khayelitsha, mumzinda wa Cape Town, sangaufikire.

Ku Cape Town akatswiri alipo. University of the Western Cape, imene mu 2004 inalandira sukulu ya zamano ya Stellenbosch, imaphunzitsa madokotala ku Tygerberg ndi ku Mitchells Plain. Pafupi ndi Tygerberg, ku Parow, kuli likulu la South African Medical Research Council. Ndalama za kafukufuku zimathamangira ku Edzi ndi TB, ndipo m'pomveka. Koma kafukufuku nayenso ndi m'mera: wophunzira wofuna kupeza njira yotchipa yowongolera mano akasowa thandizo lero, mawa adzatsegula chipatala cha olemera okhaokha.

Kwathu ku Malawi maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019, mothandizidwa ndi boma la Scotland. Inu osunga thumba la boma, m'mera umenewu muuthirire ukadali wanthete.