Agogo Otayipa ndi Adzukulu Awo Atatu

Padangokhala!

Tili tonse!

Padali agogo ena aakazi omwe ankakhala pa msika wina m'boma la Dowa. Pa utsikana wawo adagwirapo ntchito yotayipa mu ofesi ya boma, masiku aja a taipilaita, pamene chilembo chimodzi chikalakwika munthu ankayambiranso pepala lonse. Atapuma pantchito, adatenga ndalama za penshoni n'kugula kompyuta yogwirapo kale ntchito ndi pulinta, n'kutsegula kashopu pakati pa chigayo ndi telala. Ofuna makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mayeso a sukulu za pulayimale, malipoti a banki m'khonde ngakhale mapulogalamu a maliro, onse ankathamangira kwa agogowa. Zala zawo zinkadziwa kiyibodi mwakuti ankatha kutayipa uku akucheza ndi kasitomala osayang'ana pansi.

Zaka zidapita, kompyuta ija n'kukalamba limodzi ndi mwiniwake. M'chaka cha 2025 pa sikirini padayamba kutuluka uthenga wonena kuti kampani ya Microsoft isiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala, ndipo ofuna chitetezo asamukire ku Windows 11. Agogo adayesa kusamuka, koma kompyuta idakanidwa chifukwa idalibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komwe Windows 11 imafuna. Ndalama yogulira ina panalibe. Komanso m'shopumo tsiku lililonse munkalowa mafulashi a anthu osiyanasiyana, ena odzaza ndi mavairasi, choncho kukhala ndi kompyuta yosatetezedwa kudawasowetsa tulo.

Agogowa adali ndi adzukulu atatu, ana a mwana wawo wamkazi amene adamwalira kalekale. Chisamba adali mnyamata wolemba mapulogalamu a kompyuta ku Lilongwe. Wachiwiri adali mtsikana wogwira ntchito pa kampani ina ku Blantyre. Mzime adali msungwana amene adangolemba kumene mayeso a Fomu 4, ndipo ndiye ankasesa m'shopu, kudula mapepala ndi kuthira inki. Agogo adawaitana onse n'kunena kuti: "Adzukulu anga, shopu iyi ndiyo idakulipirirani sukulu. Maso anga akuchita chidima, koma zala zidakali ndi mphamvu. Amene andikonzere kompyutayi kuti ndizigwirabe ntchito ndekha, ameneyo ndidzamusiyira makiyi ndikadzatopa."

Chisamba adaseka n'kuti: "Agogo, nkhani yaing'ono imeneyo. Tiikamo Linux. Ndi yaulere, ndipo sasankha kompyuta."

Adanena zoona. Linux adayiyamba ndi wophunzira wina wa ku Finland, Linus Torvalds, m'chaka cha 1991, ndipo adalola kuti aliyense ayione m'kati mwake, ayisinthe ndi kugawira anzake. Koma zomwe mnyamatayo sadawauze agogo n'zakuti Linux ilipo mitundu yambirimbiri. Chimanga n'chimodzi, koma wina amaphika nsima, wina phala, wina thobwa, ndipo wodwala sungamupatse chomwe ungapatse munthu wopita kudimba. Magulu a anthu amatenga mtima womwewo wa Linux, n'kuusanjikizira mapulogalamu ndi maonekedwe malinga ndi anthu omwe akufuna kuwatumikira.

Mnyamatayo adasankha Arch Linux, yomwe iye mwini ankagwiritsa ntchito ndi kuinyadira pakati pa anzake. Arch, yomwe idayamba mu 2002, imabwera yopanda kanthu, ndipo mwini kompyuta amadzisankhira yekha chilichonse choikamo. Kwa munthu wodziwa, umenewu ndi ufulu waukulu. Usiku wonse adakhala akulemba malamulo pa sikirini yakuda, ndipo kutacha kompyuta inkayaka mofulumira kuposa kale lonse. Sadaikemo tizithunzi todinapo, pakuti iye ankati mausi ndi yochedwetsa. Adalemba malamulo khumi ndi awiri pa pepala, n'kulimata kukhoma, n'kukwera minibasi kubwerera ku Lilongwe asadaone n'komwe agogo atakhala pampando.

Pano ndinene za msungwana uja. Madzulo a tsiku lomwe achimwene ake adafika, iye adafunsa mwaulemu ngati adasunga kaye mafayilo a agogo. Adamuyankha kuti, "Iwe, pita ukatenge madzi, izi n'za akuluakulu." Iye adapitadi kumjigo, koma atabwerako, achimwene ake ali kosamba, adakopera mafayilo onse pa fulashi yake n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Mmenemo mudali zitsanzo za makadi ndi makalata zomwe agogo adakonza kwa zaka zambiri. Mnyamata uja adafafaniza hadi disiki yonse osazikumbukira.

Agogo adalimbana nalo pepala la kukhoma lija kwa masabata angapo. Adali munthu wakhama, ndipo malamulo ena adawaloweza. Tsiku lina kudabwera mphunzitsi ndi zithunzi zofuna kudula, ndipo pulogalamu yochitira zimenezo munalibe. Adaimbira foni mdzukulu wawo, iye n'kuwauza lamulo loti alembe. Kompyuta idakana. Arch, paja, ilibe nthawi yoikika yotulutsira mtundu watsopano. Mapulogalamu ake amasintha pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo wofuna kuikamo chatsopano amayenera kuyamba wakonzanso zonse zakale kuti zifanane ndi zamakono. Izi zidafuna bandulo yaikulu, pa netiweki ya pamsika yomwe imabwera n'kupita. Ali mkati motero, zinthu zitayamba kulowa m'malo mwake, magetsi adazima. Atayakanso, kompyuta idangoonetsa mizere yoyera pa sikirini yakuda n'kuima pomwepo. Mphunzitsi adatenga zithunzi zake n'kupita ku boma. Mdzukulu adati ali ndi ntchito yambiri, abwera mwezi ukatha.

Wachiwiri atamva, adanyamuka ku Blantyre ali ndi mkwiyo. "Achimwene amaganiza kuti aliyense ndi injiniya," adatero. "Agogo, ine ndikuikirani yokongola, yamakono, yomwe ndimagwiritsa ntchito pa laputopu yanga." Adaikamo Fedora, imene idayamba mu 2003 ndipo imathandizidwa ndi kampani ya Red Hat ya ku America. Fedora ndi yaudongo, yopangidwa mosamala, ndipo zinthu zatsopano zambiri za Linux zimayambira kumeneko zisadafike kwina. Mtsikanayu adachita bwino kuposa mlongo wake, chifukwa adakhalako masiku awiri n'kuonetsetsa kuti pulinta ikugwira.

Koma agogo atakhala pampando, dzanja lawo lidathamangira pakona ya pansi kumanzere, komwe kwa zaka zonsezi kudali batani lotsegulira zinthu. Kunalibe kanthu. Maonekedwe a GNOME omwe Fedora imabwera nawo saika mafayilo pa sikirini yoyamba, ndipo zenera lililonse limakhala ndi batani lotsekera lokha, lopanda lija lolitsitsira pansi. Mdzukulu adawauza kuti azolowera. Mwina akadazoloweradi, koma kompyutayo idali ndi RAM ya magigabaiti 4 okha ndi hadi disiki yakale yozungulira, choncho akatsegula kalata ndi intaneti nthawi imodzi, inkapuma kaye ngati ikuganiza. Makanema ena a ukwati ochokera m'mafoni sankatseguka, popeza Fedora siika zotsegulira zina zomwe zili ndi eni ake mwalamulo, ndipo wozifuna amakazitenga ku nkhokwe ina yotchedwa RPM Fusion. Choposa zonse, Fedora yatsopano imatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo iliyonse imasamalidwa kwa miyezi pafupifupi 13 basi. Agogo atamva kuti chaka chilichonse azisamuka, adapukusa mutu. Mtsikanayo adakhumudwa, n'kunena kuti agogo safuna kuphunzira, ndipo adabwerera ku Blantyre.

Ine ndimati pamenepa adawalakwira. Munthu amene adachoka pa taipilaita n'kuphunzira kompyuta tsitsi litayamba kale kuyera sangatchedwe wokana kuphunzira. Adzukulu awiriwa ankawakonda agogo awo, koma aliyense adabwera ndi yankho m'thumba funso asadalimve.

Tsopano mzime adagwada pafupi ndi agogo n'kuti: "Agogo, kodi ndingayeseko nanenso?"

"Mwanawe, akulu ako ophunzira alephera. Iwe udziwa chiyani?"

"Sindidziwa zambiri, agogo. Koma ndikudziwa mmene inuyo mumagwirira ntchito."

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Msungwanayo sadakhudze kompyuta sabata yonse. Adatenga kope lake lakale la masamu n'kulembamo zomwe agogo amachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo: kutayipa, kupulinta, kutsegula fulashi ya kasitomala, kudula chithunzi, kutumiza kalata pa intaneti mwa apo ndi apo. Adalembanso kuti agogo amasuzumira pafupi zilembo zikachepa, kuti bandulo amagula ya sabata, kuti magetsi amazima osatsanzika. Kenaka adapempha ndalama ya minibasi, n'kupita kwa mnzake wophunzira pa koleji ina ku Lilongwe komwe intaneti idali yamphamvu, ndipo adabwerako ndi mafulashi atatu obwereka.

Mnzakeyo adamuphunzitsa chinthu chomwe akulu ake onse ankachidziwa koma sadachigwiritse ntchito: mitundu yambiri ya Linux imatha kuyaka kuchokera pa fulashi, munthu n'kuiyesa osafafaniza kalikonse. Choncho adayatsa yoyamba, n'kuwakhazika agogo pampando, iye n'kuima kumbuyo manja atapinda.

Yoyambayo idali Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayiyambitsa mu 2004. Agogo adaikumbukira dzina, chifukwa kale mphunzitsi wina adalandirapo chimbale chake chaulere pa positi. Msungwanayo adaikonda chifukwa zaka ziwiri zilizonse imatulutsa mtundu wosamalidwa kwa zaka zisanu, komanso anthu oidziwa ndi ambiri, moti ukasokonezeka supita kutali. Koma nayonso imavala GNOME, ndipo pa kompyuta yokalambayo inkayenda mokoka miyendo. Agogo adatayipa ndime imodzi n'kuti, "Yabwino, koma ndi yolemera."

Yachiwiri idali Debian, nkhalakale ya mu 1993, yosamalidwa ndi anthu odzipereka a m'maiko ambiri, ndipo Ubuntu yomweyo idaphuka pa iyo. Debian sithamangira zatsopano. Imatuluka pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, ndipo ikakhazikika imangokhala osavutitsa. Atayiyesa ndi maonekedwe opepuka a Xfce, kompyuta idatsitsimuka. Msungwanayo adatsala pang'ono kuisankha. Chidamubweza n'chakuti zinthu zingapo zing'onozing'ono zinkafuna kuti iye azikonze ndi malamulo olemba, ndipo adadzifunsa kuti tsiku lomwe adzapite ku koleji, agogo adzaitana yani.

Yachitatu idali Linux Mint, yomwe Mfalansa wina, Clément Lefèbvre, adayiyamba mu 2006, yomangidwa pa Ubuntu yosamalidwa zaka zisanu ija. Nayo adasankha ya Xfce. Itayaka, dzanja la agogo lidapita pakona ya pansi kumanzere, ndipo batani lidalipo. Adatsegula okha pulogalamu yotayipira ya LibreOffice, n'kutayipa kalata yonse osatembenuka. Atalumikiza pulinta, pepala lidatuluka. Agogo adachotsa magalasi, n'kuwapukuta, n'kufunsa kuti, "Iyiyi idzandisamutsa liti?" Adawayankha kuti Mint 22 idzasamalidwa mpaka 2029. Agogo adati, "Ika."

Poika, adadina pomwe amafunsa za zotsegulira makanema ndi nyimbo. Adakulitsa zilembo. Adayatsa Timeshift, pulogalamu yomwe imasunga chithunzi cha mmene kompyuta ilili kuti zikasokonekera munthu abwerere pomwe padali bwino. Pomaliza adamasula nsonga ya chitenje n'kubwezeretsa mafayilo aja. Agogo ataona zitsanzo zawo za makadi zomwe ankati zidatayika, adakhala chete kanthawi, kenaka adamugwira dzanja mdzukulu wawo osalisiya.

Sikuti zonse zidayenda myaa. Makalata ena olembedwa mu Word ankabwera mizere itasuntha, chifukwa zilembo za Calibri munalibemo. Msungwanayo adapeza kuti pali zilembo zaulere zotchedwa Carlito zomwe zimatenga malo ofanana ndendende, ndipo adaziika. Makasitomala okhala ndi mapepala ovuta adawapempha kuti azibwera nawo ali PDF. Mbali yojambulira mapepala ya pulinta ija idakana kwa masiku angapo. Apa adaimbira achimwene ake, mosanyada, n'kuwafotokozera. Mnyamatayo adakhala chete pa foni, kenaka adatsegula Arch Wiki, nkhokwe ya malangizo yomwe anthu a Arch amalemba mosamala kwambiri moti ngakhale a mitundu ina amakatungako, ndipo adamutsogolera mpaka chidagwira. Asadadule adafunsa kuti, "Mafayilo a agogo aja, udawasunga ndiwe?" Atamva kuti inde, adati, "Wachita bwino, mlongo wanga." Loweruka lotsatira adabwera yekha ndi kabokosi ka batire kosunga moto magetsi akazima, n'kukalumikiza osalankhula zambiri. Achemwali ake a ku Blantyre adatumiza RAM ina ya magigabaiti 4 pa basi.

Patapita miyezi, msungwanayo adasankhidwa kupita ku koleji. Usiku wotsatira tsiku lomwe adanyamuka, anthu adagogoda pakhomo pa agogo. Kudagwa maliro a mfumu ya mudzi woyandikana nawo, ndipo ankafuna mapulogalamu mazana awiri kusadache. Agogo adafunda chitenje, adatenga tochi, n'kukatsegula shopu. Adayatsa kompyuta, adatsegula chitsanzo chawo chakale, adasintha dzina ndi masiku, adaika chithunzi cha malemu, ndipo tambala woyamba asadalire pulinta idali itamaliza. Sadaimbire foni aliyense.

Pa tchuthi choyamba, adzukulu onse atatu adakumana m'shopumo. Agogo adatulutsa makiyi awiri pa chingwe cha m'khosi. Imodzi adampatsa mzime, akulu ake akuwomba m'manja. Inayo adaibwezera m'khosi, n'kuuza chisamba kuti asunthe mpando wake, chifukwa panja padali mayi wina ndi kalata yofunsira ntchito ya mwana wake.

Kaphuleni mbatata!

Yapserera!