Mukapita ku Chongoni, adzukulu anga

Ndamva kuti mwasonkherana ndalama, mwabwereka matenti, ndipo mukufuna kukagona m'phiri la Chongoni sukulu ikatsekera. Sindikuletsani ayi. Pitani ndithu. Zimandiwawa kuona alendo akuwoloka nyanja zamchere kudzaona mapanga akwathu kuno, pamene mwana wobadwira pa Linthipe, amene amaliona phirilo tsiku lililonse popita kuchigayo, sanapondeko phazi. Koma musananyamule zikwama, takhalani pansi kaye.

Malo mukupitawo ali ndi eni ake. Nkhalango ya Chongoni inatetezedwa kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo mpaka lero ili m'manja mwa nthambi ya zankhalango. Komweko kulinso koleji ya Malawi College of Forestry and Wildlife, yophunzitsa alangizi a zankhalango ndi zanyama. Zojambula za m'mapanga zili ndi oziyang'anira akenso, a nthambi yosunga zinthu zamakedzana. Ndiye pali mafumu a midzi yozungulira phiri, amene makolo awo agona m'manda a m'mphepete mwa nkhalangoyo. Onsewa ndi ofunika kuwapatsa moni. Musakhome tenti musanafike kwa a zankhalango kukapempha chilolezo ndi kufunsa pogona povomerezeka. Musalowe m'mudzi ngati mbuzi zothyola khola, sipika ili pokopoko. Fikani kwa amfumu, vulani zipewa, khalani pansi, nenani kumene mwachokera ndi tsiku limene mudzatsike. Safunsa anadya phula. Wina akadzathyoka mwendo pathanthwe pakati pa usiku, odzabwera ndi machira ndi anthu a m'mudzimo, osati anzanu a pa Facebook.

Tsono za mapanga, pakuti ndi zimene zinatchukitsa Chongoni. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, chifukwa m'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala. Amene alendo amafikako kawirikawiri ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Tengani wokuperekezani wodziwa njira, ndipo mumulipire mosanyinyirika. Nokha mudzangozungulira m'tchire tsiku lonse, n'kudutsa pafupi ndi phanga osaliona.

Mukafika, musathamangire kutulutsa foni. Imani kaye maso azolowere mthunzi wa pansi pa thanthwe. Choyamba kuoneka ndi zojambula zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera, zina zotambasula miyendo inayi, mchira uli pansi, thupi lili mathothomathotho. Ku Mphunzi chilipo chimodzi chachitali kuposa munthu wamkulu. Mukapenyetsetsa mudzayamba kuona zina zofiira, zozimirira, zina zili kunsi kwa zoyerazo: mizere yondondozana, tizungulire tina m'kati mwa tinzake, madontho. Zofiirazo ndiye zakale kwambiri. Anajambula ndi Akafula, amene ena amawatcha Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene makolo athu anawapeza kuno. Zoyerazo ndi za Achewa. Zambiri anajambula ndi amayi, anamkungwi, polangiza atsikana kuchinamwali, ndipo zina ndi za amuna a Gule Wamkulu, mudzazizindikira mukaona maonekedwe a Kasiyamaliro. Izi si za makedzana okhaokha ayi. Zina zinajambulidwa agogo a agogo anu ali moyo. M'mapiri omwewa ndi mmene anthu ankathawira nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ya ogula akapolo.

Chimene chasunga zojambulazi zaka zonsezi si loko kapena waya. Ndi manja a anthu amene ankafika, n'kuona, n'kubwerera osakhudza. Alenje anabisalamo mvula, abusa a mbuzi anapumulamo, amayi otola nkhuni anatulamo mitolo, onsewo anazisiya mmene anazipezera. Kuwononga kwabwera ndi ife odziwa kulemba. Mukafika mudzaona nokha maina olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba pa zojambula, wakuti amakonda wakuti, ndi chaka chake pambali. Mnyamata amene analemba zimenezo mwina anakwatira wina kalekale, koma dzina lake likadali pankhope pa chithunzi cha anamkungwi. Ine ndimati munthu wotere sasiyana ndi wolemba dzina lake pachiliza cha mwini wake.

Pali kuwononga kwina kumene amachita anthu a mtima wabwino. Wina amathira madzi a m'botolo pachojambula kuti chiwale pachithunzi. Dothi loyeralo limasungunuka, ndipo chimene chachoka sichibwereranso. Wina amasisita ndi chala kuti amve ngati ndi penti. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimatsala pamwala. Wina amaona phanga louma, lotchingidwa ku mphepo, n'kuganiza kuti wapeza pogona ndi pophikira. Musayerekeze. Mwaye wa moto wa usiku umodzi umakwirira zimene zapirira mvula ya zaka mazanamazana, ndipo kutentha kumasenda mwala. Ngakhale pansi pamene mwapondapo musakumbepo. Ku Chentcherere, katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba mu 1972 ndipo anapeza zida za miyala ndi mafupa. Phale kapena kamwala kosongoka mukakaona, kasiyeni pomwepo, muuze wokuperekezaniyo.

Wokuperekezani akakafika pena n'kusiya kufotokoza, musamuumirize. Za kuchinamwali zili ndi eni ake, za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo ine ndemwe sindinganene zonse pano. Mukaona msitu wowirira pafupi ndi mudzi, mitengo yake yosadulidwa, dziwani kuti ndi manda, musalowemo kukafuna nkhuni kapena kukadzithandiza. Mukaona nsanza kapena zizindikiro zomangidwa panjira, bwererani, fufuzani njira ina. Mukakumana ndi Gule, patukani, khalani pansi, ponyani kangachepe ngati muli nako. Kujambula chithunzi ndi mpaka atakulolani eni ake. Kaya mumapemphera mpingo uti, kwa eni ake mumatsata za eni ake.

Kuzizira kwa Dedza musakuyese nthabwala. Tauni ya Dedza ndiyo yokwera kuposa matauni onse m'Malawi muno, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Mu Juni ndi Julayi, dzuwa likangolowa mphepo imalowa mpaka m'mafupa, ndipo m'mawa nkhungu imatha kuphimba njira moti mnzako ali apa osamuona. Inu a ku Lilongwe ndi ku Salima mumabwera ndi kamalaya kamodzi. Tengani mabulangete, majuzi, zipewa, ndi mkeka kapena pulasitiki yoyala pansi, chifukwa chisanu choopsa chimachokera m'nthaka. Kuzizira kukakula musalowetse mbaula m'tenti. Utsi wa makala sununkha, umangokugonetsani tulo tosadzuka nato.

Moto ndiye ndimauopa kwambiri. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba udzu umakhala wouma gwa, mphepo ili kuwomba, ndipo pansi pa mitengo ya paini pamadzaza masamba ouma ogwira moto msanga. Lambulani pozungulira, ikani mafuwa, sonkhani kamoto kokwanira mphika. Nkhuni tolani zogwa zokha, ndipo nkhwangwa isiyeni kunyumba, chifukwa owotcha makala adula kale mitengo yokwanira popanda inu kuwathandiza. Pochoka thirani madzi, vundulani phulusa, thiraninso, kenaka gwirani ndi dzanja. Ngati dzanja likukana, moto sunazime. Ndipo amene ali ndi maganizo otentha tchire kuti asake mbewa atsale kunyumba.

Ndamvanso kuti ena mwagula mbedza. Musayembekeze chambo m'phiri. Timitsinje ta kumeneko ndi tating'ono, mukachita mwayi mupha matemba ndi nkhanu, kapena mlamba m'maiwe a kumunsi. Wedzani ndi mbedza ndi nyongolotsi, mutenge zokwanira ndiwo za tsikulo. Katupe ndi mankhwala a m'dimba musathire m'madzi. Zimapha nsomba ndi tiana tomwe, ndipo madzi omwewo kumunsi amayi akutunga, ng'ombe zikumwa, mpaka akathire mu Linthipe amene amatsikira ku nyanja ya Malawi cha ku Salima. Neti ya udzudzu munalandira kuti muzigonamo, osati kukokolola nayo mtsinje. Sopo ndi mbale zakuda, tungani madzi mukatsukire kumtunda. Ofuna usodzi weniweni atsike Khwekhwelere mpaka Golomoti apite kunyanja, ndipo podutsa aime pa Mua akaone zigoba za Gule ku KuNgoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kunyanjako afunsenso za nyengo imene boma limatseka makoka kuti chambo chiswane.

Zina ndi zazing'ono koma ndizinenabe. Madzi akumwa wiritsani. Nsapato zigwedezeni m'mawa musanavale, zinkhanira zimakonda pofunda. Dzanja musalipise m'ming'alu ya miyala, muli eni ake a mamba. Chakudya mangani bwino, anyani a m'phiri sapempha. Masuku idyani mmene mungathere ikakhala nyengo yake, koma bowa amene simukumudziwa musamuphike mpaka mayi wa m'mudzimo atamuona. Mabotolo, majumbo ndi zitini, munakwera nazo zodzaza, simungalephere kutsika nazo zopanda kanthu. Mowa ndi thanthwe siziyenderana. Anyamata inu, atsikana amene makolo awo akudalirani abwerere mmene anapitira, ndipo tenti yawo ikhale yawo.

Ufa, mchere ndi mafuta nyamulani kuno, koma mbatatesi, tomato, kabichi ndi nkhuku mukagule kwa anthu a m'midzi ya komweko, osanenerera mpaka kumuliza wogulitsa. Munthu amene wapezako kangachepe chifukwa cha alendo a kuphiri ndi amene mawa adzathamangitse mwana wofuna kulemba pamwala. Foni imodzi muizimitse kuti isunge moto, chifukwa netiweki imagwira pena, pena ayi. Tsiku lotsika nyamukani dzuwa lisanapendeke, kuti minibasi za pa M1 muzipeze kukadali kowala.