Chimene chimatopetsa mphunzitsi wa mu jimu

"Iwe, tadzachotsa izi!" anatero bambo wina mu jimu ina ku Blantyre, akuloza ndi phazi zitsulo zimene anazimwaza yekha. Woitanidwayo anali mphunzitsi, mnyamata amene anatsegula pakhomopo kusanache. Anamwetulira, nkuwerama kutola. Patapita kanthawi ndinamupeza kuseri atatsamira khoma, nkhope itagwa ngati wochokera kumaliro.

Ambirife timayesa anthu amenewa amatopa ndi zitsulo. Ayi ndithu, minofu ukagona imatsitsimuka. Chimene chimawadya ndi chipongwe chaching'onoching'ono cha tsiku ndi tsiku: kasitomala wosayankha moni, mayi wotsika pasikelo nkumati "mukungondidyera ndalama" chonsecho wajomba milungu itatu, manijala wokalipira wantchito anthu akuona chifukwa matawulo atha. Zoterezi sungapite nazo ku ofesi ya zantchito, angakuseke. Lamulo lathu la ntchito la 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pa sabata, koma mawu onyoza amene wameza m'maola amenewo palibe amawawerenga.

Vuto la mu jimu nlakuti chimene amagulitsa si makina okha, ndi nsangala. Mu 1983 Arlie Hochschild analemba za ogwira ntchito m'ndege amene amalipidwa kuti azimwetulira ngakhale mtima ukuwawa. Mphunzitsi wa aerobics nayenso ali momwemo: wangonyozedwa kumene, koma nyimbo ikayamba ayenera kudumpha ndi kufuula mokondwa patsogolo pa gulu. Kumeneko nkutopa kwina, kosamva tulo. Mu 2019 bungwe la WHO linakutchula kuti ndi vuto lochokera kuntchito: mphamvu kutheratu, mtima kuichoka ntchito, luso kulowa pansi.

Chipongwe sichikhalanso pamalo amodzi. Tsiku lomwelo ndinamva mnyamata uja akukalipira mayi wokolopa, munthu wa msinkhu wa amayi ake, chifukwa cha timadzi tapansi. Sindinamuone ngati woipa. Anangotula pamene panali pofewa.

Eni majimu ndi amene ndikuwaloza chala. Amaopa kudzudzula membala wamwano poti amalipira pamwezi, nkumadabwa aphunzitsi abwino akamachoka mmodzimmodzi, makasitomala awo nkuwatsatira.

Nanu amene mumapita kukachotsa mafuta, mukamaliza bwezerani zitsulo pamalo pake. Mnyamatayo ali ndi dzina, lifunseni.